Kumanga Linux yanuyanu ya Raspberry Pi 4 pogwiritsa ntchito Buildroot

Mukaphwasula rauta ya Wi-Fi kapena kamera ya chitetezo, kawirikawiri mumapezamo Linux. Koma si Linux yodzaza ngati ya pa laputopu ayi. Ndi yaing'ono, ili ndi zokhazo zimene chipangizocho chimafuna pa ntchito yake, ndipo inamangidwira pa kompyuta ina yamphamvu kenako n'kusamutsidwa. Vuto limayambira pamenepo. Purosesa ya laputopu yanu imamva malangizo a x86-64, pomwe Cortex-A72 ya mu Raspberry Pi 4, kompyuta yaing'ono ya pa bolodi limodzi, imamva a ARM. Ndiye pamafunika compiler, chida chosandutsa khodi kukhala pulogalamu, yoyenda pa laputopu koma yotulutsa mapulogalamu a ARM. Ntchito imeneyi ndi imene amaitcha cross-compilation, ndipo kuichita pamanja kumaswetsa mutu: laibulale iyi ikufuna ija, ija ikufuna chigamba, chigambacho chikukana mtundu wa compiler umene muli nawo.

Buildroot imakusenzerani mtolo umenewu. Ndi gulu la ma Makefile ndi zigamba limene limatsitsa khodi pa intaneti, kuimanga motsatana bwino, n'kukupatsani toolchain (compiler ndi zida zinzake), kernel (mtima wa Linux), root filesystem (mafoda ndi mafayilo onse a dongosololo) ndi image, fayilo imodzi yokalemba pa khadi la SD. Inayamba mu 2001 m'manja mwa anthu amene ankapanga uClibc, laibulale yaing'ono ya C, ngati chida choyesera laibulale yawoyo. Kuyambira 2009 mtundu watsopano umatuluka miyezi itatu iliyonse, mu February, May, August ndi November, ndipo ina mwa mitundu ya February, monga 2025.02, imasamalidwa nthawi yaitali. Pa chipangizo chimene chikakhale kwa anthu, tengani mtundu woterowo.

Pano timanga kachipangizo koyeza kutentha: Raspberry Pi 4, sensa ya DS18B20, pulogalamu yaing'ono ya C, ndi SSH yoti muzilowera muli patali. Chinthu chimodzi muchigwire kuyambira pano: foda ya output, mmene Buildroot imaika zonse zimene yamanga, ndi yotaya. Chilichonse chimene mwakonza ndi manja m'menemo chidzapita tsiku limene mudzalembe make clean. Dongosolo lanu lenileni ndi timafayilo tochepa timene mudzasunge kunja kwa Buildroot, ndipo ntchito yonse ili m'munsimu ndi yopezera chosintha chilichonse malo ake m'timafayilo timeneto.

## Kukonza kompyuta yomangira

Buildroot imayenda pa Linux basi. Debian kapena Ubuntu ndi zokwanira. Patulani malo osachepera 20 GB pa disiki, makamaka ya SSD, ndipo RAM ikafika 8 GB ntchito imayenda mosavuta.

```
sudo apt install build-essential git wget cpio unzip rsync bc file libncurses-dev python3
wget https://buildroot.org/downloads/buildroot-2025.02.tar.xz
tar xf buildroot-2025.02.tar.xz
cd buildroot-2025.02
```

Ngati pali mtundu wokonzedwanso wokhala ndi nambala yachitatu pambuyo pa 2025.02, tengani wotsiriza, chifukwa ndi umene uli ndi zigamba za chitetezo.

Musamange muli root. Buildroot sifuna sudo ngakhale pang'ono, chifukwa imagwiritsa ntchito fakeroot popatsa mafayilo umwini wa root mkati mwa image. Mukamanga ndi sudo, Makefile imodzi yolakwika ikhoza kulemba mafayilo a ARM mu /usr ya laputopu yanu m'malo mwa foda ya bolodi, kompyuta n'kuyamba kukana ndi malamulo wamba omwe.

Amene akudzera mu WSL2, Linux yoyenda mkati mwa Windows, amakumana ndi zopinga ziwiri. Choyamba, PATH ya Windows imalowerera ndi mayina okhala ndi mipata monga Program Files, ndipo Buildroot imakaniratu kuyamba. Lembani `export PATH=/usr/local/bin:/usr/bin:/bin:/usr/sbin:/sbin` musanamange. Chachiwiri, musaike ntchito mu /mnt/c. Kumeneko kumachedwa, komanso chilembo chachikulu ndi chaching'ono zimatengedwa ngati chimodzi, pomwe khodi ya kernel ili ndi mafayilo osiyana pa zimenezo zokha, monga xt_CONNMARK.h ndi xt_connmark.h. Gwirirani ntchito mu foda yanu ya home.

Tsopano nkhani ya bandulo. Zonse zimene Buildroot yatsitsa zimapita mu foda ya dl, ndipo make distclean imafufuta foda imeneyi pamodzi ndi zina zonse. Itulutseni kunja lero lomwe poika mzere uwu mu ~/.bashrc:

```
export BR2_DL_DIR=$HOME/br-dl
```

Foda imeneyo mutha kuikopera pa fulashi n'kupatsa mnzanu, iye n'kumanga osawononga bandulo yake.

## Kumanga koyamba

Lamulo la `make list-defconfigs` limaonetsa mabolodi onse amene ali ndi masetingi okonzedweratu. Lathu ndi ili:

```
make raspberrypi4_64_defconfig
make menuconfig
```

Ngati bolodi silinafike, yesani `qemu_aarch64_virt_defconfig`. Ikamaliza imakusiyirani output/images/start-qemu.sh yoyatsira dongosololo pa laputopu pomwepo, ndipo mumatuluka podina Ctrl-A kenako X.

Sikirini ya menuconfig ndi yofanana ndi ya kernel. Batani lothandiza kwambiri ndi `/`: lembani dzina la phukusi (pulogalamu kapena laibulale imene Buildroot imamanga), muona pamene lili ndi zimene likufuna kuti lioneke. Phukusi likasowa pa mndandanda, nthawi zambiri si kuti kulibe, koma toolchain yanu ilibe china chimene likufuna, monga C++ kapena wchar.

Gawo la Toolchain muliganizire mofatsa, chifukwa kulisintha pambuyo pake ndi kuyambiranso zonse. Pali njira ziwiri. Buildroot ikhoza kudzimangira yokha binutils, gcc ndi laibulale ya C, zimene zimadya nthawi yambiri nthawi iliyonse mukamanga kuchokera pachiyambi. Kapena ikhoza kutsitsa toolchain yomangidwa kale, monga za kampani ya Bootlin, zimene zimayenda pa makompyuta a x86-64 okha. Ife timalangiza yachiwiriyi pokhapokha pali chifukwa chenicheni. Laibulale ya C ilipo mitundu itatu: glibc, musl ndi uClibc-ng. Pa Raspberry Pi 4, pamene memori si vuto, glibc ndi imene imagwirizana ndi mapulogalamu ambiri. Ziwiri zinazo zimathandiza pa mabolodi amene flash yake ndi ya ma MB ochepa. Chenjezo lina ndi la kernel headers: asakhale atsopano kuposa kernel imene ikayende pa bolodi. Mukaphonya apa, glibc imalemba "FATAL: kernel too old" ndipo palibe pulogalamu ndi imodzi yomwe imene imadzuka.

Mu System configuration lembani dzina la chipangizo ndi pasiwedi ya root, ndipo onetsetsani kuti eth0, netiweki ya waya, yaikidwa kuti izitenga adiresi kudzera mu DHCP. Mu Target packages, pansi pa Networking applications, sankhani dropbear, imene ndi seva yaing'ono ya SSH. Pasiwedi ija si yokongoletsa: dropbear imakana munthu wolowa ndi pasiwedi yopanda kanthu, ndiye mukaisiya choncho mudzangoona "Permission denied" osadziwa chalakwika. Mu Build options yatsani compiler cache, imene imasunga zomangidwa kale n'kufupikitsa ulendo wachiwiri.

```
make source
make 2>&1 | tee build.log
```

Lamulo loyambalo limangotsitsa khodi yonse osamanga kanthu, choncho lichiteni pamene netiweki ili bwino, zotsalazo zitha kuchitika popanda intaneti. Pa lachiwirilo musawonjezere -j. Buildroot imamanga phukusi limodzi panthawi, koma mkati mwa phukusi lililonse imagwiritsa ntchito ma core onse, motsatira BR2_JLEVEL. Ulendo woyamba ungatenge ola kapena kupitirira malinga ndi kompyuta. Magetsi akathima pakati, ingolembaninso make, ipitirira pa phukusi limene inalekezera. Phukusi limenelo likayamba kulephera modabwitsa, lifufuteni ndi `make dzina-dirclean`, kuika dzina la phukusilo m'malo mwa mawu akuti dzina, chifukwa mwina muli mafayilo olembedwa theka.

Ikalephera, musayang'ane mzere wotsiriza. Mawu akuti "Error 2" amangonena kuti china chake chagwa kumtunda. Kwerani mu build.log kufikira mzere womaliza woyamba ndi `>>>`, umene umatchula phukusi ndi sitepe, ndipo werengani cholakwika choyamba pansi pake. Mukaona "Killed signal terminated program cc1plus", khodi ilibe mlandu, RAM ndi imene yatha. Tsitsani BR2_JLEVEL kufika pa 2 kapena wonjezerani swap. Mukaona kuti fayilo ili ndi "wrong sha256 hash", ndiye kuti inatsika moperewera kapena yasinthidwa kumene ikuchokera. Ifufuteni mu br-dl n'kuitsitsanso, koma musafufute fayilo ya hash pofuna kuti uthengawo uchoke. Pomwe likugwa ndi phukusi loyamba ndi host-, monga host-m4, kawirikawiri ndi Buildroot yakale yokumana ndi gcc yatsopano kwambiri ya pa laputopu. Script ya utils/docker-run imamangira mu container ya Docker yokhala ndi zida zimene Buildroot inayesedwa nazo.

Mu output mupeza mafoda awa: build, mmene phukusi lililonse linamasulidwira ndi kumangidwira, host, mmene muli compiler ndi zida zoyenda pa laputopu, target, yooneka ngati root filesystem, ndi images, mmene muli zokalemba pa khadi. Foda ya target imanyenga anthu. Umwini wa mafayilo ake si wolondola, ndipo omanga Buildroot anaikamo dala fayilo yotchedwa THIS_IS_NOT_YOUR_ROOT_FILESYSTEM. Musaikopere pa khadi.

## Kulemba pa khadi ndi kuona bolodi likudzuka

Lembani `lsblk` musanalowetse khadi, lembaninso mutalilowetsa, ndipo dzina latsopanolo ndi la khadi. Apa pasakhale kuganizira, chifukwa dd sifunsa, ndipo mukaipatsa dzina la disiki ya laputopu imaifufuta.

```
sudo dd if=output/images/sdcard.img of=/dev/sdX bs=4M conv=fsync status=progress
```

Lembani pa khadi lonse, /dev/sdX (sdX ikuimira dzina lija la khadi), osati pa chigawo chake /dev/sdX1. Fayilo ya sdcard.img ili kale ndi zigawo ziwiri mkati mwake: cha FAT chokhala ndi firmware, kernel, device tree, config.txt ndi cmdline.txt, ndi cha ext4 chokhala ndi root filesystem.

Gulani kachingwe ka USB kopita ku serial, ka 3.3 V. Popanda iko, bolodi likakana kudzuka mumangoona tinyali tikuphethira, sikirini ili zii. Waya wa GND upite pa pini 6, wa RX wa kachingweko upite pa pini 8 imene ndi TX ya bolodi, ndipo wa TX upite pa pini 10. Mawaya awiriwa amapingasana choncho, ndipo kuwalumikiza TX ndi TX ndi cholakwa chofala kwambiri. Waya wofiira wa 5 V musaulumikize. Mapini a GPIO a Raspberry Pi sapirira 5 V, choncho kachingwe kotulutsa 5 V pa TX kakhoza kupsereza bolodi.

```
picocom -b 115200 /dev/ttyUSB0
```

Akakukanizani kutsegula, dziikeni m'gulu la dialout n'kutuluka kenako kulowanso. Zilembo zikamabwera zosokonekera, liwiro si 115200 kapena GND sinagwire. Bolodi lipatseni tchaja ya USB-C ya 5 V, 3 A. Tchaja yofooka ya foni imaliyatsa ndithu, koma limadzizimitsa n'kuyambiranso pamene purosesa yalemedwa, inu n'kumaimba mlandu kernel yosalakwa.

Zikayenda bwino muona mauthenga a kernel akutsika, kenako mzere wopempha login. Mukalowa, lembani `ps`. Mapulogalamu oyenda ndi owerengeka pa zala, ndipo malamulo ambiri mu /bin ndi maulalo opita ku fayilo imodzi, BusyBox.

## Zimene Buildroot sichita yokha

Apa ndi pamene anthu ambiri amatayira masiku. Buildroot siyang'anira kusintha kwa masetingi. Mu foda ya phukusi lililonse imasiyamo timafayilo tobisika monga .stamp_configured, .stamp_built ndi .stamp_target_installed, ndipo ikatipeza imadutsa osafunsa kanthu.

Zotsatira zake ndi izi. Mukawonjezera phukusi latsopano, make yokha ikwanira. Mukachotsa phukusi mu menuconfig, mafayilo ake amatsalabe mu target ndipo amalowanso mu image, chifukwa Buildroot sichotsa zimene inaika kale. Mukawonjezera laibulale imene phukusi lomangidwa kale likanagwiritsa ntchito, mwachitsanzo openssl pamene libcurl inamangidwa kale, libcurl ija imakhalabe yopanda HTTPS mpaka mutaimanganso ndi `make libcurl-dirclean` kenako make. Ndipo mukasintha purosesa, laibulale ya C kapena china chilichonse cha toolchain, palibe njira yachidule, ndi `make clean` basi. Mukapanda kutero mumapeza dongosolo la theka glibc theka musl, limene limamangika bwinobwino koma osadzuka.

Malamulo atatu oti muwazolowere ndi `dzina-rebuild`, limene limayambira pa kumanga, `dzina-reconfigure`, limene limabwerera sitepe imodzi kumbuyo, ndi `dzina-dirclean`, limene limafufuta foda yonse ya phukusilo. Image yopita kwa anthu izichokera pa make clean nthawi zonse.

## Nyumba ya mafayilo anu

Musalembe zanu mkati mwa foda ya Buildroot, chifukwa tsiku losamukira ku mtundu watsopano simudzadziwa zanu ndi ziti. Pangani foda ina pambali pake, muitche chipangizo, ndipo muiike mu git:

```
chipangizo/
  external.desc
  external.mk
  Config.in
  configs/
  board/overlay/
  board/config.txt
  board/linux.fragment
  package/kuyeza/
  src/kuyeza/kuyeza.c
```

Mu external.desc mukhale mizere iwiri, `name: CHIPANGIZO` ndi `desc: Choyezera kutentha`. Dzina limenelo ndi limene limabala BR2_EXTERNAL_CHIPANGIZO_PATH, yolozera ku foda yanu. Mu external.mk ndi mu Config.in mukhale mzere umodziumodzi, motsatana motere:

```
include $(sort $(wildcard $(BR2_EXTERNAL_CHIPANGIZO_PATH)/package/*/*.mk))

source "$BR2_EXTERNAL_CHIPANGIZO_PATH/package/kuyeza/Config.in"
```

Uzani Buildroot kamodzi kokha ndi `make BR2_EXTERNAL=../chipangizo menuconfig`, ndipo imakumbukira. Menyu yatsopano ya External options iyamba kuoneka.

Foda ya board/overlay ndi ya mafayilo amene mukufuna akakhale pa bolodi mmene alili. Ilozeni mu System configuration pa Root filesystem overlay directories. Chimene mwaika mu board/overlay/etc/ chimakopedwa mu /etc/ maphukusi onse atamangidwa, ndipo chimaphimba fayilo ya dzina lomwelo. Popeza git sisunga foda yopanda kanthu, ikanimo fayilo yotchedwa .empty, Buildroot imaidumpha pokopera.

Pulogalamu yanu isalowe kudzera mu overlay. Ipangireni phukusi kuti izimangidwa ndi compiler yoyenera nthawi zonse. Mu package/kuyeza/Config.in:

```
config BR2_PACKAGE_KUYEZA
	bool "kuyeza"
	help
	  Imawerenga kutentha kuchokera pa DS18B20.
```

Ndipo mu package/kuyeza/kuyeza.mk:

```
KUYEZA_VERSION = 1.0
KUYEZA_SITE = $(BR2_EXTERNAL_CHIPANGIZO_PATH)/src/kuyeza
KUYEZA_SITE_METHOD = local
KUYEZA_LICENSE = MIT

define KUYEZA_BUILD_CMDS
	$(TARGET_CC) $(TARGET_CFLAGS) -o $(@D)/kuyeza $(@D)/kuyeza.c $(TARGET_LDFLAGS)
endef

define KUYEZA_INSTALL_TARGET_CMDS
	$(INSTALL) -D -m 0755 $(@D)/kuyeza $(TARGET_DIR)/usr/bin/kuyeza
endef

define KUYEZA_INSTALL_INIT_SYSV
	$(INSTALL) -D -m 0755 $(KUYEZA_PKGDIR)/S90kuyeza $(TARGET_DIR)/etc/init.d/S90kuyeza
endef

$(eval $(generic-package))
```

Mizere ya mkati mwa define iyambe ndi tab, osati mipata. Dzina la foda, la fayilo ya .mk ndi mawu otsogolera KUYEZA_ zigwirizane, apo ayi Buildroot iona phukusi lopanda malangizo. Chachikulu pano ndi $(TARGET_CC). Mukalemba gcc wamba, mumatulutsa pulogalamu ya laputopu, ndipo Buildroot imaigwira pomwepo n'kunena kuti fayiloyo ndi ya X86-64 pomwe imayenera kukhala ya AArch64. Uthenga wina wofanana nawo ndi "unsafe header/library path used in cross-compilation", umene umatanthauza kuti Makefile yanu ili ndi -I/usr/include kapena -L/usr/lib, ndiye ikutola mafayilo a laputopu. Ngati pulogalamu ikufuna laibulale ina, ilembeni mu KUYEZA_DEPENDENCIES. Mukaiwala, zikhoza kumangika lero mwamwayi chifukwa laibulaleyo ilipo kale, n'kudzagwa pambuyo pa make clean.

Pali uthenga wina umene umazunguza kwambiri. Mwakopera pulogalamu yomangidwa kwina, `ls` ikuionetsa, koma mukaiyendetsa bolodi likuti "not found". Chosowacho si pulogalamuyo, ndi dynamic loader imene ikufuna. Lembani `file` pa laputopu: ikatchula /lib/ld-linux-aarch64.so.1 ndiye kuti ndi ya glibc, ndipo siingayende pa dongosolo la musl, limene lili ndi /lib/ld-musl-aarch64.so.1. Script yolembedwa pa Windows imachitanso chimodzimodzi, chifukwa cha chilembo chobisika cha CR kumapeto kwa mzere wa #!/bin/sh.

BusyBox init, pulogalamu yoyamba kuyenda bolodi likadzuka, imawerenga /etc/inittab, n'kuyendetsa ma script a mu /etc/init.d oyamba ndi S motsatira manambala. Ya netiweki ndi S40network, choncho yathu ya S90 imabwera netiweki itadzuka kale. Isungeni ngati package/kuyeza/S90kuyeza:

```
#!/bin/sh
case "$1" in
start)
	start-stop-daemon -S -b -m -p /var/run/kuyeza.pid -x /usr/bin/kuyeza
	;;
stop)
	start-stop-daemon -K -p /var/run/kuyeza.pid
	;;
esac
```

Kachilembo ka -b n'kofunika. Popanda iko script imadikira pulogalamu yosatha, ndipo mzere wa login sufika.

Mukamaliza, sungani masetingi:

```
make savedefconfig BR2_DEFCONFIG=../chipangizo/configs/chipangizo_defconfig
```

Fayilo yotulukayo ndi yaifupi, chifukwa imangosunga zimene zasiyana ndi masetingi obwera nawo. Itseguleni muone ngati mulibe njira zoyamba ndi /home/. Zikapezeka, zisintheni zikhale $(BR2_EXTERNAL_CHIPANGIZO_PATH), kuti zikagwirenso pa kompyuta ya munthu wina.

## Sensa ikakana kuoneka

DS18B20 ili ndi miyendo itatu. Wa magetsi upite pa pini 1 ya 3.3 V, wa GND pa pini 9, wa data pa pini 7 imene ndi GPIO4, ndipo pakati pa data ndi 3.3 V paikidwe resistor ya 4.7 kΩ. Koperani config.txt ya bolodili kuchokera mu board/raspberrypi kupita mu foda yanu, onjezerani mzere wa `dtoverlay=w1-gpio`, ndipo lozani fayiloyo mu masetingi a phukusi la rpi-firmware. Chifukwa cha timafayilo ta stamp tija, lembani `make rpi-firmware-reinstall` kenako make, apo ayi config.txt yakale ndi imene ibwerere pa khadi. Onaninso kuti pa chigawo cha FAT pali overlays/w1-gpio.dtbo.

Mutachita zonsezi, /sys/bus/w1/devices ikhoza kukhalabe kulibe. Pa Raspberry Pi OS pali udev imene imalowetsa ma module a kernel yokha ikaona chipangizo. Pa Buildroot, mukasiya /dev management pa devtmpfs yokha, palibe wogwira ntchito imeneyo. Mutha kusankha mdev kapena eudev, koma pa chipangizo chimene zida zake sizisintha, n'kwabwino kungomangira ma driver mkati mwa kernel. Mu board/linux.fragment lembani:

```
CONFIG_W1=y
CONFIG_W1_MASTER_GPIO=y
CONFIG_W1_SLAVE_THERM=y
CONFIG_SQUASHFS=y
```

Ilozeni mu menyu ya Kernel pa Additional configuration fragment files, n'kulemba `make linux-reconfigure` kenako make. Zimene mwasintha ndi `make linux-menuconfig` zimangokhala mu output, ndiye n'zoyesera chabe. Zikagwira, zisamutsireni mu fragment.

Sensa ikaoneka, imabwera ngati foda yoyamba ndi 28-, ndipo fayilo ya w1_slave imatha ndi nambala monga t=24375, kutanthauza madigiri 24.375. Nambala ya t=85000 muikayikire. Ndi imene sensayi imakhala nayo ikangoyaka isanayeze kanthu, ndipo ikamabwerabwera ndiye kuti magetsi ake akudukaduka kapena waya watalika kwambiri.

Raspberry Pi 4 ilibe wotchi ya batire, choncho imadzuka ikuganiza kuti ndi 1 January 1970. Zoyeza zanu zikhala ndi madeti abodza, ndipo HTTPS ikana chifukwa ma certificate aoneka ngati nthawi yawo sinakwane. Onjezerani chrony ndi ca-certificates, ndipo kumene kulibe intaneti ikani module ya wotchi ya batire (RTC) monga DS3231.

## Magetsi akathima mwadzidzidzi

Chipangizo choterechi palibe amene amachizimitsa mwaulemu. Magetsi amangopita, kapena munthu amazula pulagi. Izi zikachitika pamene khadi likulembedwa, filesystem ikhoza kuwonongeka, ndipo kumadera kumene magetsi amathimathima zimenezi sizichedwa. Mankhwala ake ndi kuletsa kulemba pa root filesystem.

Mu Filesystem images sankhani squashfs, imene ndi yopanikizidwa komanso yosalembeka. Mu System configuration zimitsani chosankha cha remount root filesystem read-write during boot. Koperani script ya post-image ndi fayilo ya genimage, zimene zimakonza zigawo za sdcard.img, kuchokera mu board/raspberrypi kupita mu foda yanu, sinthani chigawo chachiwiri kuti chitenge rootfs.squashfs, ndipo wonjezerani chigawo chachitatu cha ext4 chosungiramo zoyeza. Mu cmdline.txt yanu mukhale `root=/dev/mmcblk0p2 rootfstype=squashfs rootwait`. Mzere wa CONFIG_SQUASHFS=y uja tinauika chifukwa cha pano: ukakhala m, module yake imakhala mkati mwa filesystem yomwe kernel ikulephera kutsegula, ndipo mumalandira "VFS: Unable to mount root fs". Kuiwala rootwait kumabweretsa uthenga womwewo, chifukwa kernel imafunafuna khadi lisanakonzeke.

Mu overlay pangani foda ya data, ndipo mu etc/fstab yanu, yokoperedwa kuchokera pa imene ilipo kale, onjezerani `/dev/mmcblk0p3 /data ext4 defaults,noatime 0 2`. Pulogalamu izilemba kumeneko kokha, mwa apo ndi apo, n'kumaitana fsync ikamaliza kulemba. Foda za /tmp ndi /var/log zili mu RAM, ndiye zimayera bolodi likazima.

Dropbear nayo imakhudzidwa. Ikapeza kuti /etc silembeka, imapanga makiyi atsopano mu RAM nthawi iliyonse bolodi likadzuka, ndipo SSH ya pa laputopu imachenjeza kuti chipangizo chasintha. Sandutsani /etc/dropbear kukhala ulalo wopita ku /data/dropbear, n'kuika ka script kopanga foda imeneyo S50dropbear isanayambe. Musaike kiyi imodzi mu overlay, chifukwa zipangizo zanu zonse zidzakhala ndi kiyi yofanana, ndipo wotsegula chimodzi watsegula zonse.

Amene atsalira pa ext4 adzakumana ndi uthenga wakuti "Could not allocate block in ext2 filesystem" maphukusi akachuluka. Kulitsani BR2_TARGET_ROOTFS_EXT2_SIZE. Lamulo la `make graph-size` limajambula chimene chikudya malo.

## Chipangizo chisanachoke m'manja mwanu

Dongosolo la Buildroot lilibe apt ndipo lilibe compiler pa bolodi. Anachita dala. Kukonza chipangizo chimene chili kale kwa anthu kumafuna kusintha image yonse, ndipo maphukusi a RAUC ndi SWUpdate alipo chifukwa cha ntchito imeneyi. Njira yodziwika ndi kukhala ndi zigawo ziwiri za root filesystem, n'kulemba pa chimene sichikuyenda. Zigawozo muziganizire musanalembe khadi loyamba. Ngati kampani yanu ili ndi mabolodi ambiri osiyana komanso ikufuna maphukusi a rpm kapena ipk, Yocto Project ndi yoyenerera bwino, ngakhale imatenga nthawi kuiphunzira.

Lembani `make legal-info`. Mu output/legal-info mupeza manifest.csv yotchula phukusi lililonse, mtundu wake ndi laisensi yake, pamodzi ndi khodi yofunika kuperekedwa. Linux ndi BusyBox zili pansi pa GPL 2, choncho mukagulitsa kapena kugawa chipangizo muli ndi udindo wopereka khodi yake ndi zigamba zanu kwa olandira.

Mayeso otsiriza ndi awiri. Pa kompyuta ina, kapena mu foda yatsopano, masulani Buildroot ya mtundu womwewo, tengani foda ya chipangizo kuchokera mu git, ndipo lembani `make BR2_EXTERNAL=../chipangizo chipangizo_defconfig` kenako make, osakhudza china chilichonse. Khadi lotulukalo likasiyana ndi lija mumayesera, pali chinthu chimene munakonza ndi manja mu output, ndipo muchisake mpaka chipezeke. Kenako yatsani bolodi, dikirani pulogalamu iyambe kulemba, zulani tchaja, bwezeretsani. Chitani zimenezi maulendo 30 mukuyang'ana pa serial, ndipo ulendo uliwonse onani kuti /data yatseguka komanso mzere wotsiriza wa zoyeza ndi wathunthu.